A Bwanali Akufuna Chithunzi Changa

Amayi anga, kodi zikuyenda bwanji komwe muliko? Ndikhulupirira kuti miyendo ija inasiya kutupa, poti kumeneko kulibe dambo la mpunga loti muziimamo tsiku lonse.

Kuno tilipo. Mlongo wanga Asiyatu anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Kulira kwake n'kwaukali, aliyense akuti watengera ine, ngati kuti wopsa mtima m'banja muno ndine ndekha. Mpunga chaka chino sitinapindule nawo. Nyanja inakwera n'kulowa m'dambo, wakumunsi wonse unamira, tinangopulumutsa wakumtunda. Chinangwa ndiye chatisunga. Denga la khitchini yanu linasasuka ndi mwera ndipo ndinalikonza, ngakhale mkamwini wanu, mwamuna wa Asiyatu, akuuza anthu kuti anakonza ndi iye. Iye anangogwirizira makwerero.

Ine ndikadali pakhonde lomwe lija ndi makina anga osokera, ndipo kujambula sindinasiye. Ndimaonerabe pa kalendala yakale ija amalume anabwera nayo kuchokera ku Joni, ya sitima za panyanja yamchere, zazitali ngati nyumba zosanjikizana, zamachumuni ofiira. Lamulo lanu ndikusunga: madzi, mitambo, zombo, koma nkhope ya munthu ayi. Anthu akusekabe. Amati, “Jafali, sitima yakoyi ikafika kuno idzakocheza pati, m'matete?” Ndimawayankha kuti idzakocheza pakhomo pa agogo awo. Palibe anandiphunzitsa, palibenso anagulapo, ndiye palibe woti andiuze chochita.

Koma chandigwiritsa cholembera lero ndi nkhani ya a Bwanali.

Mukukumbukira chirundu cha abambo, mulu wa miyala uja wa pansi pa nyanja, pomwe ankapha kampango anzawo akubwerera chimanjamanja. Pamwamba pa madzi palibe chizindikiro. Munthu amapalasa maso ali kumtunda, mpaka mkuyu waukulu uja ukhale ndendende pansi pa mpata wa phiri, mgwalangwa nawo utaphimba denga la mzikiti. Zikatero wafika, ponya mbedza. Abambo anauza mng'ono wanga Amidu yekha, poti ndiye anatenga bwato. Lero ana a Amidu, a Asiyatu, ndi ine ndemwe, tikudya za pamenepo, makamaka chaka chino chomira mpunga.

Itatha sadaka yanu, mvula isanayambe, mtima wanga sunkakhala pansi. Amidu anati tiye ukapitidwe mphepo, n'kunditenga pabwato mpaka pachirundu. Nditacheuka, ndinaona kwathu momwe sindinakuonerepo: mapiri kumbuyo, mitengo, timadenga, zonse zitandanda ngati nsalu yoyanika. Nditabwerera ndinazijambula pathabwa, chilichonse pamalo pake, chifukwa mukundidziwa, ine kunama sinditha, pakamwa kapena ndi burashi. Ndinachipachika pakhonde pakati pa sitima zanga. Ndinkati zoyang'ana zithunzi zanga ndi nkhuku zokha.

Ndiye tsiku lina akutulukira a Bwanali, eni mabwato a injini aja, omwe chilimila chawo, chiukonde chachikulu chija, chikadutsa pamalo pamatsala mchenga wokha. Abwera ndi thalauza kuti ndisoke. Ndalitembenuza uku ndi uku, pong'ambika palibe. Akuti, “Ingolimbitsa mabataniwo.” Maso ali kukhoma. Sitima zonse zija, zokongola chonchija, osaziponyera ndi diso lomwe. Angoima pa chithunzi chimodzicho, mutu atapendeketsa. Kenako akuti, “Jafali mwana wanga, dzanja lako lili ndi baraka, dalitso la Mulungu. Ichi undigulitse.”

Mwana wawo, ine? Munthu woti pamaliro anu anafika nthawi ya chakudya? Pomwepo ndinamva mawu anu aja m'khutu: woyamikira tambala wako, mpeni wanola kale. Ndinawauza kuti sichogulitsa, ndinalimbitsa mabatani olimba kale, iwo n'kumapita akumwetulira.

M'mawa mwake kukubwera chitini cha penti wabuluu, wamabwato uja, wodula. Mkuja wake chambo ziwiri. Chambo tinadya, sindinama, koma chitini sindinatsegule. Chithunzi ndinachitsitsa n'kuchibisa kuseri kwa matumba a makaka.

Chimene chikundidya mpaka pano n'chakuti anawatsina khutu ndani. Msodzi sangoyang'ana thabwa n'kudziwa kuti wojambula anakhala pati. Ndikukayikira mkazi wa Amidu, chifukwa mlongo wake amakoka chilimila kwa a Bwanali, ndipo mkaziyo pakamwa pake sipatsekeka ngakhale mwezi wa Ramadhani. Ndikukayikiranso mkamwini wanu, amene masiku ano wayamba kuvala nsapato zatsopano koma ntchito yake sitiidziwa. Ngakhale Amidu ndinamuyang'ana kawiri, poti wakhala akulota injini. Mundikhululukire, koma pena ndimakayikira ndi mwana wakhanda yemwe.

Amidu nditamuuza, anatsala pang'ono kundiswa ndi nkhafi. Mtima utatsika anati, “Achimwene, ingojambulani china. Mkuyuwo muusunthire kumpoto, akazungulire panyanja mpaka mafuta awathere.” Ndinakana. Mkuyu uli pomwe Mulungu anauika, ine ndiusunthe ngati ndani? Komanso anyamata okoka chilimila aja ndi ana a anthu, sindingawatumize pakati pa nyanja kukafuna chinthu chomwe kulibe, mwera n'kuwapeza komweko.

Ndinachita zomwe ndimadziwa. Lachisanu titatuluka mu mzikiti, anthu akuvala nsapato, ndinawaimika. Ndinati, “A Bwanali, tisanamizane. Inu chithunzi simukuchifuna. Mukufuna kampango wa abambo anga.” Wina anandikoka malaya. Ndikudziwa, Amayi, munkanena kuti lilime langa limathamanga kusiya mwini wake kumbuyo.

Iwo sanakwiye, ndipo n'chimene chinandiopsa. Anayankha motsitsa mawu, “Chakumwera kwa chithunzi chako, m'mphepete mwa madzi, kuli kanyumba kaudzu. Ndi nyumba ya malemu mayi anga. Nyanja yaimeza chaka chino. Ndilibe pena poionera.”

Anthu onse maso pa ine. Ndinathamangira kunyumba, kusuntha matumba, ndipo kanyumbako kalipodi, kakang'ono ngati njere ya nyemba. Ndinajambula ndekha osadziwa kuti n'kwa yani. Ndinapalasa njinga kukaona malowo: madzi okhaokha, nsonga ya mtengo wa mango ikusuzumira. Akuluakulu a kumeneko anavomereza kuti mayi a Bwanali ankakhala pomwepo. Inu munkadziwana nawo, munkagulitsira limodzi mpunga. Ngati mumaonana kumeneko, tawafunsani ngati mwana wawoyu ankapondako ali moyo, chifukwa omwe ndinawafunsa ine anangoyang'anizana.

Masiku amenewo ndinasoka mkono wa malaya a munthu chadodolido. Ndikawamana, ndamana mwana wamasiye nyumba ya mayi ake, ine amene ndimalephera kugwetsa khitchini yanu ngakhale chiswe chaimaliza. Ndikawapatsa, mabwato a injini akagona pachirundu sabata imodzi, Amidu n'kusanduka wolembedwa ganyu pamalo a bambo ake.

Mapeto ake ndinatenga sanipepa. Ndinapala mkuyu, ndinapala mpata wa phiri, mgwalangwa ndi denga la mzikiti, mpaka thabwa linayera. Pa zonse zomwe ndajambula chibadwire, chimenechi ndiye chinali chabwino. Kenako ndinatsegula chitini chawo chija. Pomwe panali phiri ndinaikapo sitima yaikulu kuposa zonse, machumuni atatu, utsi uli tolotolo, itaima pafupi ndi gombe ngati yabwera kudzagula usipa. Limeneli si bodza, Amayi. Palibe msodzi angapalase kukafuna sitima. Kanyumba kaja sindinakakhudze, ndinangokawonjezera kuwala pakhomo.

Ndinanyamula ndekha mpaka kwawo. Ndinawapeza pakhonde akumwa tiyi. Ndinati, “Nyumba ya mayi anu ndi iyi. Sindikufuna kanthu.” Anayang'ana nthawi yaitali. Anati, “Nanga chisitimachi chachokera kuti?” Ndinati chakocheza dzulo. Anaseka pang'ono, anathokoza, ndipo m'maso mwawo munali ngati mwalengeza misozi. Kapena inali nthunzi ya tiyi, sindikudziwa. Ndinatsanzika ndikudzimva kuti ndine munthu woipa, wonenera zoipa wamasiye mnzanga pakhomo pa mzikiti.

Nditafika pampanda ndinacheuka kuti ndipepese. Amayi, ndinawaona ataimirira, thabwa atalipendeketsera kudzuwa, akukanda chumuni chapakati ndi chikhadabo.

Amidu akuti mwina ankangoona ngati penti wauma. Asiyatu akuti mwina chisitimacho chinkawanyansa, poti iyenso chimamunyansa. Ine ndikuti munthu wolira mayi ake amayang'ana pakhomo pa mayi ake, sakanda pomwe panali phiri. Akande. Akande mpaka chikhadabo chithe, apeza thabwa.

Amidu akupitabe kuchirundu, koma masiku ano amayamba walowera kumpoto, n'kudzakhota akaona kuti palibe akumutsata. Dzulo anabwera ndi kampango wamkulu, mutu tinapatsa Asiyatu kuti mkaka uchuluke. A Bwanali timapatsana salamu bwinobwino. Chithunzi anachipachika pabalaza, ndipo ndamva kuti alendo akafika amawalozera kanyumbako. Mwina ndinawalakwira. Mwina ayi. Kupepesa ndidzapepesa tsiku lomwe ndidzatsimikize.

Abambo muwauze kuti malo awo akadali athu. Ndikukulonjezani nonse awiri kuti kumtunda kwathu sindidzakujambulanso nditakhala pamadzi. Mwana wa Amidu akadzakula, mkuyu uja adzauona ndi maso ake ali m'bwato, monga anauonera bambo ake.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo dua yokupemphererani sindiiwala.

Ndine mwana wanu wosamva uja,
Jafali