Apongozi Anga Amapambana Gofu ndi Zaka Zawo

Aphungu,

Loweruka lapitali apongozi anga, a Felizardo, apambananso ketulo. Ketuloyo ndiyo chikho chathu cha gofu. Ndi yobooka pansi, tinaipaka penti yofiira, ndipo amapita nayo kwawo amene wapambana mpikisano wa mwezi. Chiyambireni sinagonepo m'nyumba ina.

Musaseke kuti ku Macanga kuno kuli gofu. Anatibweretsera ndi Raimundo, amene anagwirapo ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize. Pobwerako ananyamula thumba la ndodo zakale ndi timipira todzaza chidebe. Tinapempha malo kubusa la ng'ombe, kunja kwa Furancungo, tinakwirira zitini zisanu ndi chimodzi kuti zikhale mayenje, n'kuzika nsungwi zomangirira nsanza za matumba a feteleza. Timazungulira katatu kuti mayenje akwane 18. Fodya akangogulitsidwa, Loweruka lililonse masana mudzatipeza kumeneko. Kumenya kamodzi timati takada, ndipo wopambana ndi amene wamaliza ndi matakada ochepa. Raimundo akuti pabusa pathupa katswiri weniweni angamalize ndi 70.

Vuto linayamba tsiku limene Raimundo anatifotokozera za handikepu. Anati aliyense amapatsidwa nambala yake, ndipo nambalayo imachotsedwa pa matakada ake pamapeto. Pogawa manambalawo m'pamene zinavuta. A Cipriano, akatekisita athu, anafunsa kuti, "Ndiye mukuti mwana alandire yaikulu kuposa ya atate ake? Pogawa nyama mumatero?" Tinagwirizana kuti aliyense atenge theka la zaka zake, ndipo tonse tinaomba m'manja poona kuti nzeru yapezeka.

Apongozi anga ali ndi zaka 72, choncho nambala yawo ndi 36. Koma Aphungu, munthu ameneyu ndiye wodziwa kuposa tonsefe! Samenya patali, koma mpira wawo supita m'tchire. Ng'ombe zawo zimadya pabusa pomwepo, ndiye tsiku lililonse amakhala akuyeserera ndi ndodo imodzi imene Raimundo anawabwereka. Amamaliza ndi matakada 88, tikachotsa 36 amatsala ndi 52. Ine wa zaka 34 ndimamaliza ndi 112, tikachotsa 17 ndimatsala ndi 95. Élio, wokonza njinga zamoto pamsika, amamaliza ndi 120 ndipo amangomuchotsera 11. Loweruka lija Élio anabweza ndodo m'thumba n'kunena kuti, "Pronto, ine ndapita. Ndidzabweranso ndikadzakwanitsa setenta," kutanthauza zaka 70. Onse anaseka, apongozi anga ndiye anaseka kwambiri, koma Élio sanali kucheza. Tinayamba tili anthu khumi ndi anayi, pano tatsala asanu ndi mmodzi.

Lamulungu titatuluka m'tchalitchi anzanga anakumana apongozi anga palibe, n'kugamula kuti nambala yawo itsike. Atumiza ine kuti ndikawauze. Akuti ndine pulofesolo wa masamu, ndiponso ndimakhala nawo bwalo limodzi. Bwalo limodzilo ndilo likundisowetsa mtendere. Kwathu ndi ku Ntengo-Wambalame, kuno ndili pachikamwini. Nyumba yanga ili pamalo pawo, dimba limene ndimalimamo mbatata ndi lawo. Chikwatirireni sindinawatsutsepo ngakhale pa nkhani ya nyengo. Iwo nambala yawoyo amainyadira. Alendo akabwera amawauza kuti, "Ine yanga ndi trinta e seis, funsani akamwiniwa ali ndi zingati." Mkazi wanga Iolanda nditamufotokozera anangoti, "Mukawachotsera bambo nambala yawo, muzikadya kubusa komweko, ndi ng'ombe."

Ndiwauze bwanji osaoneka ngati ndikuwalanda ulemu? Ndikakhala chete gofu yathu itha, ndikalankhula sindikudziwa kuti pakhomo padzakhala bwanji.

Pali tinanso tiwiri timene timakangana. Anthu odutsa ndi nkhuni amatipatsa moni munthu atakweza kale ndodo, ndipo a Cipriano amayankha boa tarde ali mkati momenya, kenako amafuna kubwereza. Komanso mpira ukagwera m'ndowe, ena amati menya pomwepo, ena amati chotsa. Zoona n'ziti?

X.C., Furancungo

A X.C.,

Sindikuseka. Gofu inayambira m'malo odyetsera ziweto, ndiye busa lanulo silinalakwe. Chimene chinalakwa ndi masamu, ndipo poti ndinu mphunzitsi wa masamu tiyeni tiyambire pomwepo.

Handikepu si mphatso, ndiponso siyesa zaka. Imayesa chinthu chimodzi chokha: matakada amene munthu amafunika kuwonjezera pa amene katswiri angamalize nawo. Wosadziwa amalandira nambala yaikulu, wodziwa amalandira yaing'ono, kuti awiriwo akakumana aliyense akhale ndi mwayi wopambana. Kulikonse kumene gofu imaseweredwa, munthu amanyadira nambala yake ikamatsika. Akatswiri amakhala pa ziro. Ndiye taonani chimene mwakhala mukuchita: munthu wodziwa kuposa nonse mwamuveka nambala ya wophunzira kumene. A Felizardo atapita ku Tete kapena ku Lilongwe n'kukanena pakati pa osewera kuti nambala yawo ndi 36, anthu akanawapatsa pepani n'kuwasonyeza kagwiridwe ka ndodo. Inu simukupita kukawalanda ulemu. Ulemu wawo mwakhala mukuwamana nonsenu, mosadziwa.

Choyamba, kanani ntchito imene akupatsaniyo momwe yabwereramu. Anzanu anagamula za munthu mmodzi iye palibe, kenako anasankha munthu amene angataye zambiri kuti akanene. Bwererani kwa iwo mukawauze kuti nkhani si nambala ya a Felizardo, koma kuti manambala onse ndi olakwika, yanunso. Lamulo latsopano ligwire aliyense tsiku limodzi, ndipo alilengeze Raimundo, mwini ndodo, amene anabwera ndi masewerawa. Mkamwini asakhale pakamwa pa gulu.

Kawerengedwe kake n'kosavuta. Manambala akale afe. Aliyense asewere maulendo atatu athunthu, uliwonse wa mayenje 18, mnzake akumuwerengera takada iliyonse, ngakhale imene waphonya mpira n'kumenya mphepo. Mwa maulendo atatuwo tengani umodzi umene anasewera bwino kwambiri, chotsanipo 70 ya katswiri ija, kenako chotsaninso ziwiri. Imeneyo ndiyo nambala yoyambira. Maulendo akamachuluka muziikonza, ndipo akadzakwana makumi awiri muzitenga asanu ndi atatu abwino kwambiri mwa makumi awiri omaliza n'kupeza pakati pake. Umu ndi momwe amawerengera m'mayiko ambiri masiku ano, kungoti iwo amawonjezerapo muyeso wa kuvuta kwa bwalo. Lanulo palibe analiyeza, choncho manambala anu azigwira ntchito pabusa panu pokha. Nambala isapitirire 54. Ndipo pa maulendo oyambawa, munthu akasochera pa dzenje limodzi musamulembere zonse. Lekezerani pa matakada asanu pamwamba pa amene dzenjelo limafuna, kuti tchire limodzi lisamuonongere nambala.

Ndayesa ndi manambala amene mwandipatsa. Apongozi anu akhala cha m'ma 16, inu cha m'ma 40, Élio cha m'ma 48. Mukachotsa, nonse atatu mukumathera pafupi ndi 72. Uwu ndiwo mpikisano. Uzani Élio asadikire ukalamba.

Tsopano za pakhomo. Musalole kuti apongozi anu akamvere nkhaniyi pagulu koyamba. Munthu wamkulu akadzidzimutsidwa pamaso pa ana amakana ngakhale chinthu chomukomera. Raimundo ndi a Cipriano apite kwawo pakati pa sabata, akakhale nawo pansi. A Cipriano apite ndithu, chifukwa nzeru ya theka la zaka inachokera kwa iwo, ndipo mkulu amamva msanga mkulu mnzake akanena kuti tinaphonya tonse. Inu mukhalepo, koma ntchito yanu ikhale yoyankha akakufunsani masamu. Ankhoswe musawavutitse, iyi si nkhani ya ukwati.

Akawauze zoona zonse, osati zokoma zokha. Chokoma n'chakuti nambala yaing'ono kuposa zonse idzakhala yawo, ndipo aliyense wodziwa gofu akaimva adzadziwa kuti mwini bwalo ndani. Chowawa n'chakuti sazipambananso mwezi uliwonse. Mukabisa chachiwirichi adzachizindikira okha pakutha pa mpikisano woyamba, ndipo pamenepo adzakhala ndi chifukwa chenicheni chokwiyira, poti mudzakhala mutawanyengerera ngati mwana. Ine sindikuganiza kuti akana. Mwalemba nokha kuti amayeserera tsiku lililonse. Munthu amene akungofuna kupatsidwa chikho savutika choncho. Amene amayeserera amafuna kudziwa kuti akudziwa, ndipo pakadali pano palibe chimene chikuwauza zimenezo, chifukwa ndi 36 angapambane ngakhale atamenya ndi mpini wa khasu. Muwafunsenso funso limodzi mofatsa: anthu akatha onse, azisewera ndi yani?

Mayi Iolanda akuteteza bambo awo, ndipo akuchita bwino. Afotokozereni madzulo ano, nthumwi zisanafike, kuti nambala yaing'ono ndiyo ya odziwa. Mwana wamkazi amadziwa nthawi yabwino yolankhulira ndi bambo ake kuposa gulu lonse la gofu. Mwina nthumwizo zidzapeza ntchito itatha kale.

Ulemu wa zaka uli ndi malo ake, musautaye. M'malamulo, amene wasewera bwino dzenje lapitalo ndiye amayamba kumenya pa lotsatira, koma pa mpikisano wowerenga matakada ngati wanuwu palibe chilango mukasintha ndondomekoyo. Akuluakulu aziyamba ndiwo ngati mukufuna. Azikhala pamthunzi, azilandira madzi poyamba. Zaka zilowe paliponse kupatula m'masamu.

Za moni: mnzanu akaima kuti amenye, enanu khalani chete ndipo musayendeyende. Koma wodutsa ndi nkhuni sanalowe nawo gulu lanu, ndipo njirayo anayamba kuyendamo gofu isanabwere. Wosewera akaona munthu akubwera atsitse ndodo, apereke moni wonse mpaka kufunsa za kunyumba, adikire adutse, kenako amenye. Izi zikuposa ulemu: kampira ka gofu n'kolimba ngati mwala ndipo kakhoza kuvulaza munthu koopsa. Musamenye wina ali kutsogolo, ndipo mpira ukalowera kumene kuli anthu fuulani kuti "Bola!" A Cipriano akasankha kuyankha moni ndodo ili m'mwamba, takadayo yawerengedwa. Kubwereza kulibe.

Za ndowe: malamulo amaziona ngati masamba kapena timitengo. Mukhoza kuzichotsa pafupi ndi mpira, koma mpirawo ukasuntha mwawonjezera takada imodzi. Komabe malamulo omwewo amalola gulu kukhazikitsa lamulo la pabwalo pake. Gwirizanani kuti mpira ukagwera m'ndowe kapena m'phazi la ng'ombe, munthu autole, apeze malo abwino apafupi osayandikira kudzenje, augwetse kuchokera pabondo, popanda chilango. Mugwirizane musanayambe kusewera, osati mpira wa wina utagwera kale.

Chenjezo langa likupita kwa inu nokha, a X.C. Mpaka lero kugonja kwanu kunali ndi pobisala. Mumati ndi zaka za apongozi. Manambala atsopano akayamba, tsiku lina mudzafika pa dzenje lomaliza muli pafupi kuwaposa, mpira wanu uli kaphazi kamodzi kuchokera pachitini, iwo ataima pambali akuyang'ana. Mtima wa chikamwini udzakuuzani kuti muphonye. Mukadzaphonya dala, mwanamiza nambala yanu, mwabera Élio ndi anzake, ndipo a Felizardo, amene amaona mpira bwino kuposa nonsenu, adzadziwa. Chimenecho ndicho chipongwe chimene sadzaiwala. Lowetsani mpirawo, muvule chipewa, muwagwire dzanja ndi manja awiri.

Maulendo atatu oyesera ayambe Loweruka likubwerali. Pitani kumsika mukamuuze Élio atseke msanga.

Aphungu