Tsiku limodzi lokha kuchokera ku London

Area 15, Lilongwe

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kozizirako. Kuno tilipo, kungoti amayi sakudya mokwanira chibwerereni ku maliro ku Rumphi.

Munapempha kuti ndikuuzeni za masiku omaliza a bambo. Lolemba lija, ali m'chipatala, anandifunsa kuti, "Kodi kuchokera ku London kufika kuno ndege imatenga masiku angati?" Ine sindinkadziwa. Nditaweruka ku Capital Hill ndinapita ku Old Town kwa ogulitsa matikiti a ndege. Mayi amene ndinamupeza anandionetsa pa mapu, chala chake chikudutsa nyanja ndi chipululu, nati munthu akanyamuka madzulo, mawa lake amatera ku Chileka.

Nditawauza, bambo anaseka pang'ono. "Posamuka ku Zomba, katundu wathu anatenga masiku atatu pa lole. Ngati ndi tsiku limodzi lokha, mkulu wako ndimudikira."

Sindinawauze kuti ndegeyo sibwera tsiku lililonse, komanso kuti malo anali atadzaza mpaka Lamulungu. Lachitatu anandipempha kuti ndiwamete ndevu, akuti mudzawapeze akuoneka bwino. Ndinawameta. Lachinayi m'mawa anatisiya.

Musadziimbe mlandu, achimwene, palibe chimene mukanachita. Ine ndi amene ndimadzifunsabe ngati ndinachita bwino kuwabisira.

Amayi akuti musabwere panopa, mutsirize kaye maphunziro monga bambo ankafunira. Muwalembere kalata yawoyawo m'Chitumbuka, muikemo ndi chithunzi chanu. Muzitikumbukira m'mapemphero.

Mulungu akusungeni mpaka tidzaonane.

Ndine mng'ono wanu,
Wongani