Agalu Anga Muwamange Lachiwiri

Okondedwa achemwali,

Ndiyambe ndi moyo wanu. Msana uja ukukulolani kuwerama? Ine bondo adalipopa madzi ndipo ndikuyenda, ngakhale adokotala andikakamiza ndodo ngati ndine nkhalamba. Akundilembera ndi mwana wanga wamkaziyu, ndipo andiwerengera pomaliza kuti asabe mawu anga.

Nkhani ndi iyi. Mkamwini wanga amagwira ntchito yojambula mapu, oonera malo oyenera kumangapo zipatala. Tsiku lina adayala chipepala patebulo, chodzaza timadontho tofiira pomwe pali anthu. Nditamuuza kuti andilozere kwathu, kuseri kwa phiri kuja kunali mbee. Akuti mabuku a kalembera amati kumeneko kuli mabanja khumi ndi anayi okha, ndiye chipatala chatsopano chipita kwina.

Inu mukudziwa zomwe zidachitika chaka cha kalembera. Anthu adathawira kuminda chifukwa wina adawauza kuti olembawo ndi amsonkho, ndipo agalu a munthu yemweyo adapirikitsa olembawo mpaka kumtsinje. Dzina sinditchula. Mwanayu akuseka, ndamuuza kuti ntchito yake ndi kulemba.

Kutacha ndidavala jekete n'kumutsatira mkamwiniyo kuofesi. Pageti adandinong'oneza kuti ndimuchititsa manyazi. Ndidamukumbutsa kuti ine ndanyamula odwala pamachira paphiri lija zaka makumi anayi, ndipo apongozi ake omwe, mayi a mwanayu, adatsirizikira paphewa langa pamtsetse womaliza. Adatsegula geti yekha.

Bwana wake, mayi wamagalasi, adandipatsa mpando n'kufunsa ngati ndabwera ndi pepala la umboni. Ndidati pepala langa ndidabadwa nalo, lili pakati pa makutu. Ndidayambira pakhomo pa wosula makasu, kutsika ndi njira yakuchitsime, nyumba ndi nyumba, mwini wake, ana ake, ndi amene ali ndi pakati. Azibambo apamakompyuta ankasuzumirana n'kumaseka. Nditapitirira banja la makumi asanu, mmodzi adatola cholembera. Ndidaima pa mabanja mazana awiri ndi asanu ndi atatu, osamwa ngakhale madzi.

Mayiyo adatsegula chithunzi cha kwathu chojambulidwa kuchokera kumwamba. Iwo ankaona madenga a malata okha, poti a udzu pansi pa mitengo amangooneka ngati milu ya mapesi. Apa ndiye ndodo ija idapeza ntchito. Ndinkaloza kuti iyi ndi ya mzamba, iyi ndi yanu, ili ndi khola la mbuzi za alamu asaliwerenge. Mtunda nawo ankauyeza molunjika, ngati wodwala amauluka. Ndidawauza kuti phiri lija timasinthana mapewa kasanu ndi kawiri tisanaone msewu. Adalemba. Atandifunsa kalasi yomwe ndidalekezera, ndidati sukulu ndidaionera pazenera. Mkamwini tsopano akuuza aliyense kuti ndine atate ake.

Komabe a kuofesiwo akuti mawu anga salowa m'buku asanadzionere okha. Olemba abwera Lachiwiri loyamba la mwezi wamawa. Akapeza anthu, chipatala chibwera mbali yathu, ndipo ana a mpongozi wanu sadzabadwiranso panjira. Akapeza zitseko zotseka, ine ndine wabodza ndipo chipatala chapita.

Pempho langa ndi limodzi. Yendani khomo ndi khomo, muwauze kuti tsikulo pasapezeke wopita kumunda, ngakhale khanda la dzulo lionetsedwe. Akafunsa kuti wanena ndani, muwauze kuti ndi yemwe uja adanena za msonkho, koma ulendo uno wayamba wafunsa. Ndipo agalu anga muwamange kuseri ndi chingwe chatsopano.

Moni kwa alamu, kwa mpongozi wanu, kwa adzukulu onse, ndi kwa anzanga onyamula machira. Auzeni kuti mapewa atsala pang'ono kupuma.

Ndadinda chala changa m'munsimu,
mlongo wanu, uja mumati Nkhutukumve.