Thumba la Laimu Lija

Amayi, mwadzuka bwanji kumeneko, ngati kumeneko anthu amadzuka? Ife kuno ku Lirangwe tilipo. Chimanga chachita bwino, mbuzi yanu yamakani ija inabedwa, ng'anjo yanu yootchera laimu yamera udzu. Mdzukulu wanu Esinati wachira, mwana wamkazi. Maso ake awiri akuluakulu, Amayi, ndimangowayang'ana osatopa.

Achimwene a Jeki anabwera Loweruka kuchokera kuntchito kwawo kubwalo la ndege, nsapato zili waliwali. Akufuna thumba la laimu lija. Akuti mvula yatha, manda anu apakidwe monga munalamulira.

Thumbalo ndingaliiwale ine? Munasankha nokha miyala yoyeretsetsa, kuiotcha, n'kubisa laimuyo kuseri kwa bedi. Munkati, "Uyu ndi wa pamanda panga, okwera ndege potera ku Chileka aziona kuti apa pagona mayi waukhondo." Ukhondo ndiye munali nawodi. Tchalitchi munkapaka, miyala ya m'mbali mwa njira munkapaka, ngakhale mitengo ya mango sinkapulumuka.

Koma wothira madzi pa miyala yootchayo ndinali ine, a Jeki ali kusukulu. Tsiku lomwe laimu anawira n'kundilumphira m'diso, munayamba mwavundikira matumba kuopa mvula, kenako ndiye kundisukusula. Kuchipatala ayi, poti lole ya ogula inali m'njira. Munangoti, "Usalire, linalo likuona." Diso lija linafa, mawuwo ndakalamba nawo. Ngakhale muli gone pamphasa, ine ndikukutembenuzani ndi kukupukutani, ndinkadikira kakuti pepa. Inu munkafunsa ngati thumba silikunyowa.

Ndiye imvani m'mene layendera. Laimu wina ndinapaka chipinda cha khandalo, chayera mbee. Wina ndinawaza kumunda. Tsono alendo odzaona mwana anachuluka, chimbudzi chinayamba kununkha, ntchentche osati masewera. Wotsala yense ndinakhuthulira momwemo, thumba n'kulikutumula bwinobwino. Eee, laimu wanu ndi wamphamvu, Amayi! Fungo linatheratu tsiku lomwelo. Pa ntchito yanu simunkanama.

A Jeki ndinawafotokozera zonsezi. Ndinawauza kuti akagule wina akapake okha. Mukumudziwa mwana wanu wapamtimayo, sangadetse manja, ndipo madzulo ake anakwera minibasi. Manda anu ndi dothi lofiira ngati a wina aliyense, ndege zikungodutsa.

Ndimakukondani, Amayi, ndipo n'chimene chimandipsetsa mtima kwambiri. Udzu ndizibwera kudzalambula chaka ndi chaka, sindidzaleka, koma laimu ayi. Ngakhale pasayere, pomwe mwagona sindingasochere. Musalire, linalo likuona.

Ndine mwana wanu,
Malita