Manja a Chikonga

Lachinayi, Epulo, kwathu ku Dzoole. Msana ukuwawa, koma mtima uli mbee!

M'chigafa ndauza bambo kuti mayeso olowera sukulu ya zachipatala ndi mu Ogasiti, ndiye m'mawa ndizisankha nawo fodya, masana ndiziwerenga. Andilanda ndindi ya fodya yomwe ndimamanga.

"Theka la tsiku likwana chiyani? Mpaka mayesowo usakhudzenso fodya. Dokotala sagwira odwala ndi manja a chikonga."

Dokotala! Pakamwa pa bambo, amene sayamikira munthu!

Achimwene ang'ung'udza kuti amayi amakhalira ku magule a chipani, ndiye ntchito yonse igwera achimwenewo okha. Iwagweredi.

Ndasamba m'manja, fungo silikuchoka. Koma ndikakalephera, m'chigafa muja ndidzalowanso ndi nkhope iti...