Nyimbo ya Kuseri kwa Mbale Yokandika

Lolemba, 5 Ogasiti

Mwana wathu wachisamba akuti Loweruka, pa phwando lokumbukira ukwati wathu, ine ndi mayi ake titsegule bwalo ndi nyimbo imene tinavina koyamba. Ine msangamsanga kutchula ija inali pakamwa pa aliyense chaka chimenecho. Mayi anangondiyang'ana. "Si imeneyo. Mukapanda kuipeza, mukavina ndi tsache." Ndipo sakuseka ayi.

Manyazi bwanji! Munthu amene ndinkaliza mbale za galamafoni m'madansi unyamata wanga wonse.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Ndatsitsa makatoni onse a mbale. Fumbi, kuyetsemula.

Chimodzi ndikudziwa: ndi nyimbo ya kuseri kwa mbale. Woliza mbale savina. Yotchuka ikamalira amakhala chilili pa galamafoni, anthu ali "Bwerezani! Bwerezani!" Mpata wanga unkapezeka ndikatembenuza mbale n'kuika ya kuseri, yosapemphedwa ndi munthu, ena akupita kokapuma. Pamenepo ndiye ndinkathawa n'kukapempha mtsikana kuti tivine.

Vuto ndi lakuti za kuseri ndi zimene ndimakonda, ndiye zachuluka. Ija ya gitala wolira ngati kamwana ka mbuzi. Ija woimba wake amaphulika kuseka pakati, eni ake osafufuta. Zofufuza ndinaiwala, ndangovina ndekha pabalaza ndili ndi sokosi.

Lachitatu, 7 Ogasiti

Ndaliza mbale tsiku lonse, chitseko cha kukhitchini ndatsegula dala. Mayi kungogogoda mapoto. Ndinayesa kuwanyengerera ndi tiyi. Tiyi anamwa, nyimbo osatchula.

Lachinayi, 8 Ogasiti

Msana ukuwawa. Palibe. Mantha ayamba kundigwira tsopano.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Kunabwera alamu, akulu awo a Mayi, kudzayesa diresi. Ndinawakokera pambali. Nyimbo sakuikumbuka, koma anaseka mpaka kugwira khoma. "Alamu, mwaiwaladi? Singano inakakamira, mawu amodzimodzi kubwerezabwereza, holo yonse kukuwa, inu awiri osamva, kumangovina!"

Mtima unangoti phaa. Mbale zokandika sindiliza. Ndinazikankhira m'sutukesi pamwamba pa wadiropu kalekale, ana asanabadwe. Ine kuvutika ndi makatoni sabata yonse!

Loweruka, 10 Ogasiti

M'mawa, mipando ya alendo isanafike. Sutukesi pansi. Pakati pa mbalezo, ina ya pepala lobiriwira, kuseri kwake mzere woyera wokandika wodutsa. Ndinaipukuta ndi malaya n'kutsitsa singano. Lipenga laulesi, ng'oma yapansipansi.

Mayi anatuluka m'chipinda tsitsi lopesa theka, nsapato imodzi kuphazi. Anangoika dzanja paphewa langa. Ine misozi lengelenge, mapazi akukumbuka okha.

Pakati penipeni singano inakakamira. Ndinatembenuka kuti ndikainyamule, chizolowezi cha ntchito. Mayi anandikoka malaya.

"Bambo, isiyeni. Tsiku lija simunaikhudze."