Goloboyi wa M'filimu

Lamlungu, Febuluwale, mumzinda wa Lawrence. Kunja kwazizira, mtimanso walemera.

Mwana wanga Tadala, amene akuphunzira kutali, mumzinda wa South Bend, masiku ano amangokonda hoke, masewero a pa ayezi. Kuti tizikhala ndi chokambirana, ndatha sabata zitatu ndikusanja m'kope osewera a m'filimu ya hoke yomwe amaikonda pamodzi ndi akatswiri enieni, kuyambira wopambana onse. Chigoli chilichonse ndinachiwerenga kawiri. Goloboyi wa m'filimuyo ndinamuika pachitatu, chifukwa palibe anamuchinya.

Lero ndamuwerengera Tadala mndandandawo pafoni. Waseka, n'kuyankha m'Chingerezi kuti, "Adadi, inunso! Sachinyidwa chifukwa olemba filimu anafuna choncho. Ndathamanga, anzanga akundidikira."

Talankhula mphindi zinayi zokha. Mwina goloboyiyo ndimutsitse akhale wachisanu, ndiimbenso Lamlungu, ngati angayankhe n'komwe...